Sikisi ya Bambo Anga

Amene akuti ndikunama aimirire, atchule dzina lake. Bambo anga anamwalira Lachisanu, ndipo Lamulungu lake ndinawagoletsera tachidauni ku Landover nditavala suti yawo. Mukumva?

Kwa inu amene simudziwa masewera a anthu ophunzirawa: Amalawi ndi a ku Zambia a kuno ku America ali ndi ligi ya pa foni. Aliyense amasankha osewera enieni a mpira wa ku America, uja wonyamula m'manja, ndipo zimene osewerawo achita pa bwalo zimasanduka mapointi ake. Umasankhanso difensi, ndiye kuti gulu lonse lotchinga la timu imodzi. Difensi yako ikalanda mpira n'kuufikitsa kumapeto kwa bwalo, imeneyo ndi tachidauni, umapata mapointi sikisi.

Bambo anali mlonda pa nyumba yosungira katundu ku Landover. Chaka ndi chaka ankayamba n'kusankha difensi ya timu ya pafupi ndi kuntchito kwawo, ankati mlonda amasankha alonda anzake, ndipo inu a maofesi a ku Foggy Bottom munkawaseka nyama ili m'kamwa. Dzina lawo silinalembedwepo pa chikho cha ligi. Chaka chino anafika mu fainolo, kukumana ndi a Mwale a ku Lusaka. Timu anaikonza Lachinayi. M'mawa mwake mtima unaima.

Lamulungu masana munadzaza m'nyumba mwathu ku Hyattsville, amayi ali pansi pa kapeti, inu pa mipando, mitu yowerama, moti azakhali anati anthu awa ndi opemphera. Ine ndinaona chimene chinali mkati mwa mabuku a nyimbo: mafoni. Ndinasuzumira pa foni ya a Kachingwe, komishona wa ligi, ndipo ndinaona kuti bambo ali m'mbuyo ndi mapointi folo, mpira watsala pang'ono kutha.

Sindinatsanzike. Ndinatulukira pa windo la kubafa, pa nsanjika yachitatu, dzanja limodzi litagwira thalauza chifukwa bambo anali ndi mimba ndipo ine ndilibe, n'kuthamanga, sitima ya Green Line ndinaipitirira isanatseke zitseko, kamera ya apolisi pa msewu waukulu wa Beltway inayesa kundijambula n'kufuka utsi, chipale chofewa chinasungunuka kumbuyo kwanga n'kusiya kanjira kamene anthu a njinga akudutsamo mpaka lero, ndipo mpanda wa sitediyamu ya ku Landover ndinaulumpha osauona, ndinangomva mphepo yasintha. M'mbali mwa bwalo ndinapeza chimunthu cha timu ya bambo ija, chachikulu ngati firiji ya m'sitolo chitawerama kumanga nsapato. Ndinachivula chipewa chachitsulo ndi jezi chisanamalize mfundo. Kochi anandiyang'ana, anayang'ana tayi ya bambo imene inkatulukira pansi pa jezi, n'kunena kuti lowa.

Tsono mverani bwino apa, chifukwa mlandu wonse uli apa. Mpira unali wathu, ife ndife tinkapita kukagoletsa. Woponya wathu anauponya, koma munthu wa timu ina anauwakha m'malere n'kuyamba kuthawa nawo. Mpira wabedwa. Ndinamuthamangitsa monga bambo anathamangitsira wakuba matayala chaka chija, ndinamupeza pakati pa bwalo, ndinamugunda mpaka zilembo za dzina lake zinayoyoka pa jezi, mpira unafwamphuka n'kukwera, n'kukwerabe, ndege imene inkatera inakhota kuupatsa njira, anthu onse m'sitediyamu anadya soseji n'kumaliza ukadali kumwamba, ndipo pamene unkatsika unali utaundana ngati nkhuku ya mufiriza. Ndinauwakha ndi mano, pakuti dzanja lina linali pa thalauza, lina likukankha anthu. Amuna khumi ndi mmodzi anandikangamira, wina pa khosi, awiri mwendo uliwonse, otsalawo anagwirana okhaokha ngati ngolo za sitima, ine n'kuwakoka onsewo mpaka kumapeto kwa bwalo. Woimbira anakweza manja onse awiri: tachidauni. Ndinachibwezera chimunthu chija chipewa chake, chinali chikadamanga nsapato, ndipo nditalowanso pa windo ndinapeza mukadali pa ndime yachiwiri ya nyimbo yomwe ija.

Ndinakhala pansi kudikira kuti sikisi ilowe kwa bambo. Sinalowe. Foni inaipereka kwa mwini jezi, munthu amene palibe ndi mmodzi yemwe mu ligi anamusankha. Bambo anagonja ndi folo.

Ndinawatengera a Kachingwe pa khonde. Anavula magalasi, anawapukuta, anati: "Pepa, mwanawe. Amene anali m'bwalo analowa ngati ofensi, gulu lokagoletsa. Difensi ya bambo ako inali pa benchi. Maligi ena amawerengera, inde, amati mpira ukangosintha manja mwasanduka otchinga. Koma yathu ayi. Tinagwirizana chaka chisanayambe."

A Mwale anatulukira kumbuyo kwawo, mbale ya mpunga wa pamaliro ili m'manja. "Mudala wako anali munthu wabwino maningi," anatero, "manje malamulo ni malamulo, mwana."

Ine sukulu ndinalekera Folomu 2, za maofesi anu sindizidziwa. Koma ndifunseni: wakuba akalowa m'nyumba n'kunyamula wailesi, inu n'kumuthamangitsa, n'kumulanda, n'kubwerera nayo, pa nthawi imeneyo ndinu ndani? Mukufuna yunifolomu kuti muvomere kuti munthu walonda? Mpira utabedwa, aliyense m'bwalo muja anali mlonda wa bambo anga. Inu nomwe mukuti maligi ena amawerengera. Ndiye kuti bambo akanafera mu ligi ya anthu ena, akanafa ali akatswiri. Anangolakwitsa anzawo.

Pano mukuuzana kuti mwana wa malemu wazungulira mutu, kuti tsiku lija sindinachoke, ndinakhala pakona masana onse nditakumbatira jekete la bambo. Chabwino. Anandiona ndani? A Kachingwe, munandiona ndi maso ati? A Mwale? Amayi analira mpaka mawu kutha, panalibe ndi mmodzi yemwe mwa inu amene anadzutsa mutu pa foni. Mboni mulibe.

Chikho munabwera nacho kumaliro, chili m'buti ya galimoto ya a Kachingwe, kuti mupatsane pobwerera. Mwakhala mukuchifunafuna. Lekani. Ndinachitenga ine. Dzina la bambo ndinalembapo ndekha ndi kiyi wa pa geti ya kuntchito kwawo, ndinachiika kumapazi kwawo bokosi lisanatsekedwe, chinakwera nawo ndege, ndipo chili ku Ntcheu, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Amene akuti sikisi ija si ya bambo anga apite akawauze yekha. Khasu ndimubwereka.