Winston Woyeza Masikirini

Mzuzu yonse inkawadziwa malemu Winston a ku Geisha ndi tepi ya telala imene ankaikoleka m'khosi, chonsecho munthu wake sankatha ngakhale kulowetsa ulusi m'singano. Ntchito yawo inali yopanga mafomu a pakompyuta, aja olembamo mayina a odwala kapena katundu wa m'sitolo. Nthawi imeneyo yunivesite inali ikukula, aliyense akugula kompyuta ya mtundu wake, ndiye fomu yokwana bwino pa sikirini yaikulu inkati ikafika pa kalaputopu, batani losungira zolembazo linkamira pansi osaonekanso. A Winston akangomva zoterozo, ankasiya tiyi akufuka n'kudumphira njinga ya hayala, ija amati sakaramento, kuti akayeze okha.

Amene ankapsa nazo mtima anali mkazi wawo, Lettie. Mwamuna wodziwa muyezo wa sikirini iliyonse kuyambira ku Lupaso mpaka ku Salisbury Lines anamugulira nsapato za Khirisimasi zoti akanalowamo ndi mng'ono wake yemwe. Koma nsanje yeniyeni inabwera ndi Bridget, kalaliki wa pasitolo ina ya mankhwala, amene ankasintha makompyuta ngati mawigi. Akangosintha, foni ya a Winston inkalira.

Tsiku lina Lettie anamanga chitenje zolimba n'kuwalondola. Anawapeza atagwada pa desiki, tepi ili kukamwa, akuuza Bridget, ndi mafuta ake onunkhira onsewo, kuti asendere uko chifukwa akutchinga kuwala. Pobwerera, Lettie anawafunsa dzina la mtsikanayo.

"Uti? Wa mainchi fotini uja?"

Zimenezi sizinamutonthoze ngakhale pang'ono. Mkazi mnzako ungathe kuyambana naye, nanga galasi ungalitani?

Ndiye anagula kalaputopu kakale, n'kunena kuti akufuna fomu yolembamo nkhuku zake. Loweruka limenelo a Winston sanatuluke. Anakhala naye phewa ndi phewa, akumufunsa ngati akuona bwino, ngati kabokosi aka kamuchepera, ngati akufuna kakhale kumanja kapena kumanzere. Chikwatiwireni Lettie anali asanafunsidwepo maganizo ake chotero.

Posakhalitsa anatulukira yekha pamene amakulitsira zilembo. Loweruka lililonse ankazikulitsa mwakachetechete, fomu n'kutupa, iye n'kuitana ndi mawu osalakwa:

"Adada a Vitu, batani lija lathawaso."

A Winston ankabwera ndi tepi yawo, akupukusa mutu kuti kompyuta imeneyi ndi yovuta chomene, n'kukoka mpando. Zinayenda choncho zaka zambiri. Mafoni a kunja aja anayamba kuchepa, Lettie n'kumati makasitomala awatopera akuluwa.

Maliro atatha, Wiza, mwana wa mlongo wa a Winston amene anatenga ntchitoyo, anabwera kudzamuona Lettie. Atatsegula kalaputopu kaja anadabwa.

"Amama, asibweni anasiya kale zoyezazi. Mafomu onse m'tauni muno anawakonza kuti azikwana okha pa sikirini iliyonse. Yatsala ndi yanu yokha. Ndikukonzereni? N'kanthu kakang'ono."

Lettie anayang'ana fomu yake ija n'kufunsa:

"Ya Bridget nayo anaikonza?"

"Ndi imene anayambira."

Lettie anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinasiye pamene kuseka kunasiya. Anatseka kalaputopuko pang'onopang'ono n'kukakumbatira.

"Yewo, mwana wanga. Isiye choncho."

Masiku ano mafomu a mu Mzuzu amakwana okha, ndipo palibe amene amaitana mnzake chifukwa cha batani. Anyamata a sakaramento a pa Geisha amati m'mawa mwazizira kuposa kale, poti palibenso wowathamangitsa ulendo wa mwadzidzidzi. Lettie amalembabe nkhuku zake pa fomu yodukayo, akufufuza batani pansipo yekha. Amati sabata yonse amaipirira bwino, koma Loweruka ndiye limatalika.