Rimoti, Zenera ndi Apongozi

Lolemba

Rimoti ya dikoda yapita ku Chipata m'thumba la mtedza. Dzulo Esnart, mkazi wanga, amasenda mtedza pabalaza ndi mayi ake, rimoti ili pamphasa. M'mawa wogula wanyamula matumba onse.

Mmene zinthu zilili:
Rimoti ya TV inafa chaka chatha.
Batani la pa dikoda penipeni linalowa m'kati kalekale.
Dikoda yatsalira pa tchanelo cha azungu ogwetsana, ovala makabudula okha.

Apongozi abwera kuchokera ku Zingalume chifukwa cha bondo. Akugona pabalaza pomwepo, poti kuchipinda kuli masitepe. Chibatizidwireni sanajombepo mapemphero a Lamulungu, ndipo Esnart wawalonjeza kuti sabata ino apemphera ndi a pa TV.

Nkhani yaing'ono. Ndigula rimoti imodzi yolamula zonse ziwiri, yotsika mtengo. Pofika Lachitatu ndathana nayo.

Lachiwiri

Ndawerenga pa foni nthawi yonse yopuma kuntchito. Zilipo za mitundu iwiri. Ina umailowetsa nambala ya TV yako. Ina imaphunzira yokha. Onse olemba akuti yophunzira ndiyo yabwino.

Pamsika wa pa boma, wogulitsa akundikankhira ya manambala. “Bwana, tengani iyi, ndiyo ya kuno.” Ine sindigula chinthu chifukwa ndi cha kuno. Ndagula yophunzira.

Lachitatu

Imaphunziradi. Imaphunzira kwa rimoti yakale. Uziloze ziwirizo mphuno ndi mphuno, yakale iziphunzitsa. Mphunzitsi wake ali ku Chipata m'thumba!

Ndabwerera pamsika. Wogulitsa wangondipatsa ya manambala ija ndi manja awiri. Ulemu wotere umapweteka.

Kapepala kake kali ndi mayina a ma TV ambirimbiri. Yathu, imene ndinagula kwa munthu wochokera ku Mozambique, mulibe.

Lachinayi

Njira ilipo. Uloze rimoti pa TV, ukanikize batani osasiya. Rimoti imayesa manambala payokha, imodzi imodzi. TV ikangozima, uchotse chala nthawi yomweyo. Ukachedwa, yadumphira nambala ina. Kenako uchite chimodzimodzi ndi dikoda.

Vuto: rimoti imafuna kuonana maso ndi maso ndi TV. Ine ndi apongozi sitionana maso ndi maso. Chikwatirireni sitinakhalepo m'chipinda chimodzi. Tikakumana panjira iwo amapatukira kutchire, ine kumunda wa eni. Timalemekezana kwambiri moti mawu awo ndimawadziwa kudzera kukhoma.

Akatuluka kukaothera dzuwa ndi nthawi imene malaiti kulibe. Malaiti akabwera, iwo ali pamaso pa TV.

Ndiye ndaima panja, mkono ndaulowetsa pazenera, nkhope ndalozetsa ku mtengo wa mango. TV ikazima, apongozi sangandiuze ine. Akuitana mwana wawo kukhitchini: “Esnart! Uwauze abambo akunyumba kuno kuti zikomo, yazima.” Esnart akupukuta m'manja, akuzungulira nyumba, akundiuza. Apo n'kuti rimoti yapitirira kale.

Tayesa mpaka mkono kuchita dzanzi. Anthu opita kuchigayo akundipatsa moni mokayika.

Lachisanu

Kuwala kwa rimoti kumabwerera kukagunda galasi. Izi n'zodziwika. Ndaimika galasi lovalira la Esnart pakhomo kuti ndiziona TV ndili m'khonde, osaona apongozi.

Ndayang'ana m'galasimo. Muli apongozi. Nawonso akundiyang'ana.

Onse tayang'ana pansi. Iwo akuti, “Pepani.” Ine ndikuti, “Pepani.” Esnart akuseka mpaka kukhala pansi pamatailosi.

Galasi labwerera kuchipinda.

Madzulo ndikumva kukhoma: “Wa kabudula wofiirayu alibe khalidwe. Wamenya mnzake ndi mpando.” Ndikuganiza akudandaula. Mpofunika kufulumira.

Loweruka

Nzeru ya lero ndi ya apongozi. Afunda chitenje kumutu mpaka m'mapewa kuti ine ndilowe. Ndalowa chogwada, ndakhala pafupi ndi chitseko. Ndaloza, ndakanikiza.

TV yazima! Chala ndachotsa nthawi yomweyo, ngati chapsa. Ndatsala pang'ono kukuwa.

Mawu akuchokera m'chitenje, olunjika kudenga: “Denga iwe, filiji nayonso yaleka kulira.”

Malaiti apita.

Abwera dzuwa litapendeka. Ya TV ndaipeza pamapeto pake, apongozi akutuluka thukuta m'chitenje osadandaula. Ya dikoda yakana. Tsono tikutha kukweza ndi kutsitsa mawu a anthu ogwetsana, basi.

Esnart akuti mayi ake achapitsa bulauzi yawo yoyera ya kumpingo, aisita. Palibe chimene ndawerenga chothandiza pamenepo.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndili pazenera kuyambira m'mawa, mkono m'kati. Belu la kumpingo kwathu lalira, laleka. Apongozi avala zoyera, duku kumutu, buku la nyimbo pamiyendo. Patsogolo pawo munthu wonenepa akudumphira mnzake pamimba.

Ndamva akutsokomola. Kenako, osadzera kwa Esnart, osadzera kudenga:

“Mwanangu, lowani. Khalani pampandopo muziona bwino. Mulungu atikhululukira, makolo tikambirana nawo.”

Ndalowa. Ndakhala. Maso pa dikoda pokha. Isanathe mphindi, kanyali kake kaphethira, ndachotsa chala, yagwira. Sabata yonse chimene chimasowa ndi mpando.

Ulaliki tinaupeza utatha. Tapeza nyimbo yomaliza ndi dalitso. Apongozi aimba ndime zonse osatsegula buku. Ine ndimathandiza besi chapansipansi, ndikuyang'ana mapazi anga.

Pa ameni atsegula maso. “Tsopano bwezerani kwa anyamata aja. Wofiirayo lero akumana ndi mkulu wake wa uja anamenyedwa ndi mpando.”

Ndabwezera.

Ndawaonetsa mabatani. Akuti ndi aang'ono, maso awo sakwanitsa, rimoti izikhala ndi ine. Esnart akuti poti mwambo wamasulidwa, ndiwagulire chitenje chatsopano. Mtengo wa rimoti yotsika mtengo ukukwerabe.

Wogula mtedza waimba foni. Rimoti yakale aipeza pa sikelo, ibwera mawa pa minibasi. Ndauza apongozi. Akuti isungidwe m'kabati, zinthu ziwiri zimasokoneza.

Mpando wanga ausendeza pafupi ndi wawo. Mawa ndikaweruka akundiyembekezera: wa kabudula wofiira wagonja, ndiye wapempha kubwereza.