Nsapato Zizitsala Pakhomo

Lolemba
Ndafika kwathu pa Kabwata kuchokera ku India komwe ndinaperekeza achemwali kuchipatala. Achira, zikomo Ambuye. Koma mtima wanga watsalira kukachisi wamakedzana yemwe tinakamuona tsiku lomaliza. Mwala wosema kuyambira pansi mpaka kumwamba: njovu, maluwa, anthu ovina. Masitepe anachita kudyeka ndi mapazi. Ndiye nsapato! Aliyense amavula panja, mulu wake ngati salaula, kaunjika wa kumsika wa Soweto, koma potuluka aliyense n'kupeza zake. Ulemu umenewo ndikuufuna pano. Kuyambira lero nsapato zizitsala pakhomo.

Lachiwiri
Bambo a kunyumba akuvula mong'ung'udza. Lamulungu akuwadzoza ukulu wa mpingo, ndiye akuti, "Zakozi usakazitchule pagulu." Ndikuwauza mmene mwala unkazizirira kumapazi, ine chilili, misozi ili chuchuchu. Iwo akufunsa ngati ndabwera ndi mafuta a msana.

Lachitatu
Zasowa: patapata wanga mmodzi, nsapato za kusukulu za mwana wathu Tamara. Patapatayo mwina ndi galu. Koma galu wanji wotenga yakumanja ndi yakumanzere?

Lachinayi
Amayi a Chigwirizano abwera kudzandiona. Mmodzi wa iwo, Ba Mulenga, aima pakhomo: "Nivule? Sokosi yanga ili na mawindo, mwana." Tiyi tamwera panja. Ndayamba za njovu zamwala, zokongola moti umafuna kuzisisita. Iwo akufuna kuona nsalu zomwe ndabwera nazo.

Lachisanu
Bambo apukuta nsapato zakuda, zokhazo zabwino zomwe ali nazo. Akufuna kulowa nazo, ine ndakaniza: lamulo ndi lamulo. Ndalowa kukatereka nyemba, kutuluka pakhomo pali mbee! Mayo ine, ndaputa mlandu.

Loweruka
Soweto yonse ndaizungulira, miyendo yachita kutupa. Saizi ya bambo kulibe. Wogulitsa wina akuseka: "Mami, mapazi ayo ni yochita kuitanisa." Kunyumba bambo sakundilankhula, akutuma Tamara.

Lamulungu
Bambo adzozedwa atavala nsapato za alamu awo, zothina. Kupita kutsogolo ngati akuponda makala. Pogwada zidendene zili panja, mpingo wonse ukuona. Ndachita manyazi, ndawamveranso chisoni, tsiku lawo ndaliwononga ine.

Lamulo ndachotsa. Kachisi uja ngokongola ndithu, ndikatsinzina ndikumuonabe, koma ndilibe womuuza. Nsapato zonse zalowa m'nyumba. Za alamuzo bambo azitsekera muwadiropu, kiyi ali m'thumba mwawo.