Pusi ndi Mathiraki Awiri a ku Kanengo

Mwambi uwu unayamba motere, ndipo musamvere anthu amene amati unachokera m'nkhalango. M'nkhalango mulibe nyama yopusa chonchi. Tayambani mwaika masipanala pansi, anyamata inu, ndikuuzeni.

Kunali munthu wina wa ku Mponela, dzina lake Gelesomu Kachiwanda. Dzina limeneli ankalidziwa ndi mayi ake ndi abusa okha. Pamsewu aliyense ankamutcha Pusi, chifukwa ali wothandizira dalaivala ankakwera pamwamba pa katundu kukamanga tenti ngati alibe mafupa. Anakula, natenga laisensi, nayendetsa mathiraki a eni ake mpaka imvi zinayamba kusuzumira.

Chaka china anatopa nako kulemeretsa anzake. Anasiya ntchito, nagulitsa ng'ombe zonse zimene bambo ake anamusiyira, kuti agule thiraki yakeyake. Mwayi unamutsata. Kalabu ya alimi a fodya kwawo inamulonjeza kuti mabelo onse a chaka chimenecho adzanyamula ndi iye kupita ku okushoni, bola afike ndi galimoto msika usanatsegulidwe. Akachedwa, ntchitoyo ipita kwa wina.

Pusi anapita ku Kanengo kwa a Matewere, mkulu wina wogulitsa mathiraki akale. Pa thumba lake panali awiri okha amene akanakwanitsa, ina yoyera, ina yofiira. Onse anali nkhalamba zoti zinaona misewu ya maiko ambiri zisanafike kuno. Yoyera injini yake inkalira bwino, koma giya yachitatu inkalowa mochita kupepesedwa. Yofiira magiya ake anali ofewa, matayala abwino, kumbuyo kwa mpando kuli bedi, koma ikadzuka m'mawa inkatsokomola utsi ngati gogo wosuta chingambwe.

Pamalopo panali lamulo lake. Munthu akakonda galimoto ankasiya jekete yake pampando wa dalaivala, ndipo a Matewere sankaigulitsa kwa wina mpaka mwini jekete atapereka mawu omaliza. Koma jekete imodzi inkalondera galimoto imodzi basi.

Pusi anasiya jekete mu yoyera. Ali m'minibasi popita kwawo, anakumbukira giya ija ndi zitunda za ku Dowa. M'mawa anasamutsira jekete mu yofiira. Masana anakumana ndi dalaivala mnzake amene anamuuza kuti galimoto ya utsi imamwa oyilo kuposa dizilo, jekete nkubwerera mu yoyera. Zinapitirira choncho. Sabata imeneyo jekete inayenda maulendo ambiri kuposa mathiraki onse a pamalopo.

Mkazi wake, Nachanza, anali munthu wosakonda zolankhulalankhula, koma tsiku lina anamukhazika pansi.

"Abambo ake a Tiyese, galimoto yakale ili ngati mwamuna. Palibe wopanda chilema. Umangosankha chilema chimene ungathe kupirira, nkumakhala."

Pusi anafunsa kuti nanga chilema chake iye chinali chiti.

"Ndi chomwechi," anatero Nachanza, napitiriza kusankha nyemba.

A Matewere nawonso anamuchenjeza kuti kuli mayi Sakala a ku Mchinji, ochita bizinesi ya soya, amene akhala akufunsa za galimoto iliyonse yopanda jekete. Pusi anangoseka. Anati munthu wa soya akudziwa chiyani za injini.

Tsono inu mukudziwa kuti injini yakale imanena zoona m'mawa, isanatenthe. Ikatentha imayamba kunama ngati mboni yodyetsedwa. Pusi anaganiza kuti vuto lake linali loti ankamvera magalimotowo payekhapayekha. Anapempha a Matewere kuti awaimike moyandikana, awalize onse pamodzi m'mamawa, kuti makutu ake aweruze mlandu kamodzi. A Matewere anavomera, poti munthu wogulitsa satopa msanga.

Tsiku lomvera litafika, Pusi anachotsa jekete pampando wa yofiira naivala. Anati woweruza sayenera kukondera, komanso kunali kachisanu. Injini zitalizidwa, analowa pakati pa mathirakiwo, nakwera. Phazi lina anaponda pachopondera cha yoyera, lina pa cha yofiira. Dzanja lina linagwira galasi la uku, lina la uko. Anatsinzina maso, napendeketsa mutu kumanzere.

"Chigalimoto ichi chakoma."

Anapendeketsa kumanja.

"Komatu ichinso chakoma."

Anakhala choncho nthawi yaitali, mutu ukupita uku ndi uku, pakamwa pakutuluka mawu omwewo. A Matewere anatopa kuima, nabwerera mu ofesi.

Nthawi yomweyo mayi Sakala anali atafika ndi mlamu wawo wodziwa kuyendetsa. Anasuzumira mu yofiira cha mbali inayo, naona mpando uli mbee, wopanda jekete. Sanafunse za utsi, sanafunse za makilomita. Analowa mu ofesi, ndipo potuluka galimoto inali yawo. Mlamu uja anakwera, naponya giya. Ndi phokoso la injini ziwiri komanso utsi wa m'mawa uja, sanaone kuti mbali inayo kwapachikika munthu.

Yofiira inayamba kusuntha pang'onopang'ono, monga zimachitira galimoto zazikulu. Apa ndi pamene pamandimvetsa chisoni, anyamata inu, chifukwa mpata unalipo. Pusi akanangosiya galasi limodzi, nkudumphira mbali imodzi, akanapulumuka, mwinanso akanagula yoyera tsiku lomwelo. Koma ngakhale miyendo itayamba kutang'adza, iye sanafune kusiya iliyonse. Anagwiritsitsa uku, nagwiritsitsa uko, mpaka buluku linang'ambika. Munthu amene sanagwepo pamwamba pa mabelo moyo wake wonse anagwa pachopondera, msana pansi, miyendo m'mwamba.

Anamunyamula kupita naye kuchipatala, jekete ili m'thupi. Yoyera inatsala yopanda mlonda, ndipo asanatuluke m'chipatala inali itawoloka kale malire ndi munthu wina wa ku Chipata. Msika wa fodya unatsegulidwa. A kalabu anadikira pang'ono chifukwa cha ulemu, kenako anamva kuti ku Mchinji kuli mayi amene ali ndi thiraki yopanda katundu.

Mayi Sakala ankafuna dalaivala wodziwa misewu ya ku Mponela. Anafunsafunsa, ndipo aliyense anawatchulira dzina limodzi. Motero msana utapola, Pusi ananyamuladi fodya wa kwawo yense monga a kalabu anamulonjezera, mu yofiira yomwe ija, koma akulandira malipiro a pamwezi ngati kale. Ndalama za ng'ombe zinatha pang'onopang'ono, zina kuchipatala, zina kusukulu, zina kumaliro. Khola la bambo ake linamera bonongwe.

Yofiira ija inagwira ntchito zaka zambiri, ikutsokomola chimodzimodzi m'mawa uliwonse, osafa panjira. Ndipo Pusi akafika nayo pamzere wa ku okushoni, akutsika mosamala dzanja lili pamsana, madalaivala anzake ankakodolana, wina nkuuza amene sakudziwa nkhaniyo kuti: "Ichi chakoma, ichi chakoma, Pusi anagwa chagada."