Maekala Awiri a Apongozi

Lolemba
Mbewu ya soya yafika kukalabu yathu ya alimi kuno ku Madisi, makilogalamu 300, anthu 30. Tigawa Loweruka, mvula yayandikira. Ine mlembi ndikuti chaka chino zogawa ndi ndowa zatha, igawa ndi kompyuta! Lamulo lake: aliyense makilogalamu 5, kenako kuwonjezera malinga ndi munda:
- wosafika ekala: 2
- woposa ekala koma wosafika maekala awiri: 5
- woposa maekala awiri: 10
Fomyula yowerengera zimenezi ndailemba ndekha, yaitali ngati mzere wa kudambo. Ndikudzinyadira, sindibisa.

Lachiwiri
Ndikuyenda khomo ndi khomo kufunsa kukula kwa minda. Aliyense akuyankha msangamsanga: "Ekala." "Maekala awiri." Apongozi anga salankhula nane maso ndi maso, ndiye ayankhira kudzera kwa mkazi wanga: "Awiri ndendende." Anthu odziwa minda yawo! Mayina ndi makilogalamu a aliyense ndawamata pamtengo wa kutchalitchi osawerenganso, chifukwa makina salakwitsa.

Lachitatu
Kalanga ine! Fomyula ikudziwa "wosafika awiri" ndi "woposa awiri", koma awiri enieniwo sindinaiuze. Ekala yeniyeninso chimodzimodzi. Anthu 22 sanawonjezeredwe kanthu. Apongozi ali ndi 5, pomwe a Kamtedza, amene kamunda kawo mungakalime mukudikira tiyi, ali ndi 7. Mkazi wanga wabwera ndi uthenga: "Amayi akufunsa ngati munda wawo unaudya ndi iwe." Mantha andigwira. Nyumba ndikukhalayi ili pamalo pawo.

Lachinayi
Ndakonza! Tizizindikiro tiwiri tokha mufomyulamo. Tsopano wa ekala kapena wa awiri ndendende akulandira 10 yonse pamodzi. Pamsonkhano ndikufotokoza bwinobwino, mpaka kuwonjezera kuti woposa awiri ngakhale ndi phazi limodzi alandira 15. Anthu akugwedeza mitu. Amva, ndasangalala.

Lachisanu
Anamvadi. Minda yakula usiku umodzi:
- a Kamtedza: awiri ndi kachidutswa
- a Nabanda: awiri, kuphatikiza chulu
- wina wawerengera ndi bwalo la nkhuku!
Kompyuta ikuti pakufunika makilogalamu 445. Ndi apongozi okha amene sanasinthe. "Ine sindinama, ndi awiri." Ndiye iwo okha ndi amene akulandira zochepa mudzi wonse. Mutu ukuwawa.

Loweruka
Ndikutsegula kompyuta pansi pa mtengo, anthu andizungulira. A Nabanda, omwe ndi apampando athu, akuyang'ana manambala, kenako ine. "Alembi, tsekani kaye wailesi yanuyo." Atulutsa ndowa yomwe ija ya chaka chatha. Aliyense makilogalamu 10, palibe wodandaula, ntchito yatha dzuwa lisanafike pamutu. Apongozi asenza yawo osandiyang'ana.

Lamulungu
Chabwino, ndowa yapambana. Koma fomyula ndaisunga, ilibe mlandu. Chaka chamawa ndiyamba ndi chingwe, kuyeza minda yonse, kenako tione. Pochokera kutchalitchi mkazi wanga akuseka yekha njira yonse. Akuti amayi sanakwiye, mwinanso akondwa kuti mkamwini wawo amakonda zoyeza. Uthenga wawo ndi uwu: "Mawa alawirire ndi khasu, adzadzale soyayu mzere ndi mzere. Akamaliza atiuze ngati ndi awiri kapena awiri ndi kachidutswa."
Khasu ndanola kale.