Mkamwini wosanduka mbuzi

Mpaka lero ndikawaona apongozi anga panjira ndimapatuka, koma musaganize kuti ndi ulemu wokha ayi. Pali nkhani.

Mwana wanga Limbani anafika zaka zinayi asakulankhula. Akafuna chinthu ankangoloza. Kusukulu ya mmera mpoyamba kuno ku Mayani anamulandira bwino, ankakhala pamphasa imodzi ndi anzake, koma apongozi anali atagamula kale kuti chaka chikatha asapitenso. Ankati tikungomuzunza mwana ndi chisanu cha m'mawa popanda phindu. Ine poti ndine mkamwini, mawu anga pamudzipo ndi ochepa (ndimaloledwa kulima kachewere ndi kuthokoza basi). Mtima unkandipweteka.

Kenaka kusukuluko kunabwera mayi wina wochokera ku Boma, katswiri wothandiza ana ovutika kulankhula. Anasewera ndi kalasi yonse pamodzi, ndipo masana anatiitana makolo. Ine anandiuza kuti ndisiye kumukakamiza mwana kunena "ababa". M'malo mwake ndizitsika mpaka nkhope yanga ilingane ndi yake, ndizitsanzira kulira kwa chinthu chimene amachikonda, kenaka ndizikhala chete kumudikira.

Vuto ndi lakuti Limbani amakonda mbuzi.

Tsiku lotsatira ndinayang'ana uku ndi uku, n'kumutengera kuseri kwa nkhokwe. Poyamba ndinangonyonyomala, n'kulira "mee" chapansipansi ngati wodwala chimfine. Mwana osandiyang'ana n'komwe. Ndinagwada. Anacheuka pang'ono. Apo ndinalimba mtima, ndinayamba kukwawa, kugwedeza mutu, kulira mokweza ndithu. Ndiye anaseka. Poona choncho ndinatola tsamba la mbatata n'kuyamba kutafuna (izi katswiri uja sananene, ndinawonjezera ndekha).

Ndikutafuna chomwecho ndinaona mapazi. Kukweza maso, ndi apongozi, ali ndi amayi anzawo a kutchalitchi, onse m'yunifomu. Paja mkamwini amathawa apongozi akadali patali. Ine ndinali pamapazi pawo penipeni, tsamba lili kukamwa. Manyazi anandigwira, ndinasowa kolowera.

"Bambo a Limbani, kodi mwadwala?" anafunsa, maso ali kumbali.

Ndisanalavule tsamba lija, Limbani anandimenya pamsana kuti ndipitirize. Ataona kuti mbuzi yake yangoti chete, anatsegula pakamwa yekha.

"Mee. Mee."

Apongozi anaponya chikwama pansi n'kumunyamula mwanayo, misozi ili chuchuchu. Nanenso ndinalira, ndili chigwadire.

Za kusiya sukulu sanazitchulenso, masiku ano amamuperekeza okha. Katswiri uja akabwera apongoziwo amakhala kutsogolo, kufunsa mafunso kuposa aliyense. Limbani ali ndi mawu angapo tsopano, amati "amama", "agogo", "phala". Koma ine ndikadali "Mee", ndipo amandiitana choncho ngakhale pakati pa ulaliki. Ndimayankha.