Kapitao wa M'kompyuta ya Malume

Lolemba

Malume anyamuka m'mawa uno kupita ku Mozambique kukamanga chiliza cha agogo. Abwera Lamulungu. Andisiyira shopu yawo ya pa Chonde: kompyuta imodzi, pulinta imodzi, benchi, ndi makiyi atatu amene ndawamangirira m'chiuno ndi zingwe ziwiri.

Mawu awo ponyamuka: "Sabata ino ikayenda bwino, mpando uwu ndi wako. Ikavuta, dengu lako likukudikira ku tiyi."

Tiyi ndathyola zaka zinayi. Mame a m'mawa amandifika m'chiuno. Mpando uwu uli ndi katsamiro!

Miyezi iwiri ndakhala ndikuonerera. Kutayipa ndimatha, ndi zala ziwiri. Kuika nyimbo mu fulashi ndimathanso. Koma lero andikhazika pansi kundiuza za kapitao. Akuti m'kati mwa kompyuta muli kapitao, ophunzira amati kenelo. Saoneka. Ndikadina batani, chilembo sichithamangira chokha pa sikirini, chimayamba chafika kwa iye. Pepala lopita ku pulinta limadzera kwa iye. Nyimbo yopita mu fulashi, kwa iye yemweyo. Palibe amene amalankhula ndi zipangizo momudumpha. Ngati ku esiteti: wothyola sanyamula dengu kupita nalo ku fakitale. Amakhuthula pa shedi, za thirakitala amadziwa ndi kapitao.

Zimenezi ndamva msanga kuposa masamu onse a Sitandade 8.

Malamulo, ndalemba m'kope:
1. Osaika kapu ya madzi pafupi.
2. Magetsi akathima, kuzimitsa pakhoma.
3. Osazula fulashi usanapemphe kwa kapitao. Kudina kachizindikiro ka pakona, kenako kudikira avomere.
4. Kasitomala akachita changu, kumuuza adikire.

Nambala 4 ndaiyang'ana nthawi yaitali. Ine kuuza munthu wamkulu kuti adikire? Kusukulu aphunzitsi ankaitana dzina langa kawiri chifukwa "ndilipo" wanga sankamveka.

Makasitomala lero: awiri. Mmodzi amangofunsa njira ya kuchigayo. Fumbi ndapukuta katatu.

Kunyumba ndapeza amayi akusoka chinachake kuseri kwa khitchini. Sindinafunse.

Lachiwiri

Ntchito yaikulu yabwera! Abwera nayo a Mpeketula, aja amagulitsa mankhwala a makoswe m'misika, pano ndi ku Milonde. Mwana wawo Fanesi akukwatiwa Loweruka. Fanesi ndinali naye kalasi imodzi. Iye ankakhala kutsogolo, ine kumbuyo pafupi ndi matsache.

Zimene akufuna:
mapulogalamu a ukwati makumi asanu;
nyimbo khumi ndi ziwiri mu fulashi;
makamaka nyimbo yolowera mu holo, ya masitepe a operekeza.

Fulashi abweretsa yawo, yakalekale, chivindikiro chomanga ndi mpira. Ndi ya m'chimkuzamawu chawo chija chimakuwa pamsika tsiku lonse. Muli mawu awo okha, theka la ola osapumira: "Makoswe! Nsikidzi! Mphemvu! Akadya sabwereza!"

"Zimenezo fufuta, mwanawe," atero. "Loweruka ndine bambo a mkwatibwi, si wamakoswe ayi. Ndasoketsa suti."

Ndafufuta. Ndatsegula kuona: mulibe kanthu. Ndatseka, ndatsegulanso: mulibe kanthu. Kachitatu, chimodzimodzi. Ndaikulunga mu mpango, ndaika m'dilowa, ndakhoma.

Mayina a nyimbo abwera mochedwa, chifukwa Fanesi ndi operekeza ake sanagwirizanebe.

Ndayeserera nambala 4 pobwerera kunyumba. Ndauza mbuzi ya pamsewu kuti, "Dikirani kaye." Yadikira.

Lachitatu

A Mpeketula aimirira pakhomo kutchula mayina a pa pulogalamu, ine ndikutayipa. Mayina makumi atatu ndi limodzi, a kuchimuna ndi a kuchikazi. Aliyense pamalo pake, wamkulu pamwamba, chifukwa akuti azakhali ena akaikidwa pansi pa mng'ono wawo sadya. Titamaliza apita kumsika.

Ndikuwerenga mobwereza. Pa dzina lomaliza pali chilembo chimodzi chowonjezera. Chimodzi chokha! Ndadina batani lofufutira. Sichikuchoka. Kompyuta yauma gwa, kabwalo kakungozungulira. Ndadinanso. Ndadinanso. Mwina sindikudina mwamphamvu. Ndagonekapo chala, osachotsa, uku ndikupemphera Atate Wathu mpaka ameni.

Kenako yadzuka.

Mayo ine! Chilembo chija chapita. Dzina lapita. Azakhali apita. Ankhoswe onse awiri apita. Mayina akudyeka kuchokera pansi kupita pamwamba ngati nyerere zapeza shuga, ine manja ali m'mwamba, sindikugwira kanthu. Patsala mawu awiri: "Pemphero lotsegulira."

Ndiye kuti kapitao sanagone. Nthawi yonse ija amalandira kudina kwanga, kulikonse, nkumakuika pamzere. Mpata utapezeka wapereka konse, osasiyako.

Ndapita kumsika kukapempha mayina kachiwiri. Ndaima pafupi ndi tebulo la a Mpeketula. Akutumikira anthu. Ndasendera pang'ono. Ndatsokomola. Dzuwa lasuntha. Pomaliza andiona: "Iwe, ngati kwanu kuli makoswe ungonena, si manyazi." Andipatsa paketi yaulere.

Mayina ndawatenga, ulendo uno polemba m'kope. Paketi ndabwera nayo. Kubweza ndikanayamba bwanji?

Lachinayi

Tsiku losindikiza. Pulogalamu ndaiwerenga kasanu, palibe cholakwa. Ndalemba 50. Ndadina.

Pulinta zii.

Ndadikira. Ndadinanso, 50. Zii. Ndapukuta pulinta. Ndadinanso. Ndaona ngati mapepala agona bwino. Ndadinanso. Kudina konse pamodzi: kasanu ndi kawiri. Ndikudziwa chifukwa ndimalemba kamzere m'kope nthawi iliyonse.

Masana ndasuzumira kuseri. Chingwe cha pulinta chili lende. Ndinachizula ndekha dzulo popukuta fumbi, pobwezera sichinalowe bwino. Ndachikankha.

Yayamba! Ndaomba m'manja ndekha. Makumi asanu atuluka, okongola, ofunda ngati mikate. Ndatambasula dzanja kuti nditenge, koma ikupitiriza. Makumi asanu ndi limodzi. Makumi asanu ndi awiri. Ndati, "Basi, zikomo." Zana! Mapepala akugwera pansi, ena akuulukira pakhomo. Mayi wogulitsa nthochi pakhonde watola limodzi: "Kodi tonse taitanidwa?"

Ndazimitsa pakhoma. Ndawerenga mpaka makumi awiri. Ndayatsa. Yayambiranso pomwe inalekezera!

Yasiya chifukwa mapepala onse a malume atha. Ngakhale pano kanyale kake kakuphethira, kupempha ena. Sindiipatsa. Igone ndi njala.

Zimene ndaphunzira, dzulo ndi lero:
Kapitao saiwala.
Chimene wamupatsa chimafika, ngakhale chichedwe.

Ndadula mzere kunsi kwake. Bola mawa ndi nyimbo zokha, ndipo nyimbo sizidya mapepala.

Lachisanu

Nyimbo khumi ndi imodzi ndaika m'mawa, mwakachetechete, ndapempha kwa kapitao, wavomera, ndazula. Umu ndi momwe munthu amagwirira ntchito.

Yolowera mu holo yokha ndiyo inatsala. Fanesi wasankha lero masana.

A Mpeketula afika pa njinga yamoto ya kabaza, suti ili m'pulasitiki paphewa, nkhuku ziwiri zili lende pachiwongolero. Sanakhale pa benchi. Wakabaza sanazimitse injini.

Ndalowetsa fulashi. Ndatumiza nyimbo. Kamzere kobiriwira kathamanga mpaka kumapeto, katha. Ndayesa nyimbo ija msangamsanga: koyamba ikuimba, pakati ikuimba, kumapeto ikuimba. Ndadina kachizindikiro ka pakona.

Kapitao wakana. Pabwera mawu a Chingerezi otanthauza kuti chipangizochi chikadali pa ntchito. Kanyale kofiira ka fulashi kakuphethira, phethi phethi.

Dzanja la a Mpeketula lili kale patsogolo panga, chikhatho m'mwamba.

"Mwanawe, petulo akupsa panjapo."

Nambala 4. Ndatsegula pakamwa. Kwatuluka mpweya wokha. Munthu wamkulu, wa imvi, mwana wake akukwatiwa mawa, dzanja lili m'malere, ndipo ine ndimuuze kuti adikire kanyale? Nkhuku zikulira. Wakabaza waliza hutala.

Ndiye ndakumbukira za m'kope. Kapitao saiwala. Chimene wamupatsa chimafika.

Ndazula. Ndapereka ndi manja awiri, bondo lopinda.

"Uli ndi ulemu iwe," atero. "Mawa ubwere, udzadye mpunga."

Ndauza amayi kuti sabata yatha bwino, kupatula mapepala. Iwo akutsuka kalongonda wa mawa, nyemba zija zimafuna kuphika tsiku lonse. Angoti, "Uyu ukamuphula msanga amazunguza mutu." Amakamba za kalongonda.

Loweruka

Ndilemba zonse mwadongosolo.

Holo yodzaza. Ine ndakhala kumbuyo, kuseri kwa chipilala. Pulogalamu ili m'manja mwa aliyense, ana alinso ndi ziwiriziwiri. Azakhali ali pamalo pawo. Kutsogolo a Mpeketula mu suti yakuda, duwa pachifuwa. Sindinawaonepo owongoka chonchi.

Nyimbo yolowera yayamba. Operekeza akulowa awiriawiri, masitepe ofanana. Kumbuyo kwawo Fanesi ndi mwamuna wake. Nthungululu! Ndati mumtima, nyimbo imeneyo ndinaika ndine.

Afika pakati pa holo. Sipika yati khrrr. Kenako:

"Makoswe! Nsikidzi! Mphemvu! Akadya sabwereza!"

Mawu a a Mpeketula, m'masipika anayi.

Mnyamata woika nyimbo waibwezera poyambira. Operekeza abwerera kukhomo, ayambiranso. Pakati pa holo, pamalo pomwe paja: "Makoswe!" Waibwezeranso. Kachitatu operekeza sanabwerere. Masitepe anayeserera mwezi wathunthu nyimbo isanasankhidwe n'komwe, miyendo yangopitiriza yokha. Makoswe, kumanzere. Nsikidzi, kumanja. Mphemvu, kutembenuka. Akadya sabwereza, kuwerama.

Gogo wina wa kuchimuna wafunsa mokweza: "Akunena ife?"

A Mpeketula aimirira. Akhala pansi. Aimiriranso. Avula duwa.

Fanesi sanalire. Wayendetsa maso m'holo yonse, mzere ndi mzere, mpaka wandipeza kuseri kwa chipilala. Ndabisa nkhope ndi pulogalamu. Zaka zisanu ndi zitatu kusukulu sanandicheukirepo. Lero wandiona.

Koma ndinafufuta! Ndinaona katatu!

Mpunga sindinadye. Potuluka ndaona amuna anayi azungulira a Mpeketula, kufunsa ngati anyamulako mankhwala aja. Anali nawo m'thumba la suti.

Lamulungu

Malume afika titaweruka kutchalitchi. Nkhani anaimva kale mu minibasi, kondakitala akuonetsa masitepe.

Sanakalipe. Atsegula shopu, akhala pa mpando uja, ine pa benchi. Afotokoza pang'onopang'ono, ndipo ndalemba:

Kamzere kobiriwira kakatha, ndiye kuti wakhuthula pa shedi basi. Kapitao amalandira msanga kuti iwe upite kukachita zina, koma kukweza m'fulashi amakweza pang'onopang'ono, makamaka ikakhala yokalamba. Kanyale kaja kanali thirakitala ikupakira.

Nyimbo imene ndinamva poyesa siinkachokera m'fulashi. Kapitao amandiimbira imene anali nayo m'manja.

Kufufuta kumangochotsa dzina pa mndandanda. Mawu enieni amakhala momwemo mpaka china chidzagone pamwamba pake. Nyimbo ya Fanesi inagona theka. Theka linalo, makoswe anali pomwe anali.

Ndati, "Koma kapitao saiwala."

"Sanaiwale. Iwe unamulanda thirakitala katundu ali m'manja."

Kenako alowetsa fulashi yawo, atumizamo nyimbo. Kamzere katha. Kanyale kakuphethira. Atambasula dzanja, nkhope yolimba: "Ndipatse, ndikufulumira."

Ndikudziwa kuti ndi mayeso. Ndikudziwa yankho. Lili m'kope, nambala 4. Ndayang'ana kanyale, ndayang'ana dzanja la malume.

Ndawapatsa. Ndi manja awiri.

Apumira m'mwamba. Akuti ndibwerere kaye ku tiyi mpaka mvula itatha, ndikaonerere bwino momwe a kapitao enieni amauzira anthu kuti adikire, popanda kupepesa. Akuti mutu ndili nawo, chosowa ndi pakamwa. Makiyi ndamasula. Mfundo zinali zolimba, mpaka adula ndi lezala.

Ndisanatuluke aika mapepala atsopano mu pulinta kuti asindikize kalata yawo. Kwatuluka pulogalamu ya ukwati wa Fanesi. Ndi ina. Ndi ina. Ndatsanzika ikutulutsabe.

Panjira ana akuvina m'fumbi, kumanzere, kumanja, kutembenuka. Mayi wa nthochi akukulunga zitumbuwa za mnzake m'mayina a ankhoswe.

Kunyumba dengu langa lili pakhomo, lotsukidwa, lamba wake watsopano, wosokedwa bwino ndi ulusi wapawiri. Ndafunsa amayi kuti asoka liti.

Akuti Lolemba.